Tinsomba ta M'galasi ndi Udindo wa Wotiweta

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI:  Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya maphunziro a zachilengedwe, ndipo lero tili ndi aphunzitsi athu amene atifotokozere za luso loweta tinsomba ting'onoting'ono m'nyumba. Aphunzitsi, bwalo ndi lanu.

MPHUNZITSI: Zikomo kwambiri. Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa mafumu athu, eni nthaka ino, kwa inu amayi ndi abambo, ndiponso kwa inu ana asukulu amene mwakhala pansi mozungulira wailesi madzulo ano.

Ife anthu a m'boma la Phalombe, amene tinabadwira pakati pa phiri ndi nyanja, nsomba timaidziwa monga ndiwo, pakuti matemba oyanika, makumba ndi mlamba wowamba ndizo zimene zalera mibadwo yathu, zalipirira ana sukulu, ndi kufoleretsa nyumba zambiri ndi malata. Koma kuli anthu ena pa dziko lapansi, ndipo ngakhale m'mizinda yathu ya Blantyre ndi Lilongwe alimo, amene amaweta nsomba m'thanki la galasi m'nyumba zawo, osati kuti adzazidye, koma kuti aziziona, aziphunzira makhalidwe ake, ndi kuziswetsa. Munthu wa kuno akamva zimenezi angafunse kuti, kodi kansomba kosakwana ndi kutapira mbamu imodzi ya nsima kali ndi phindu lanji? Funsolo n'loyenera, ndipo yankho langa ndi lakuti munthu amene waphunzira kusunga moyo wa kansomba m'malita ochepa a madzi, waphunziranso chimene mtsinje ndi nyanja zimafuna kuti zikhale ndi moyo. Ndipo nthawi zina galasi lakelo limasanduka pothawirapo pa mtundu wa nsomba umene kwawo unatha.

Tisanafike patali, tiyeni tione njira zimene Namalenga anaikira nsomba kuti zichulukane. Njira yoyamba, imenenso ili ya nsomba zambiri, ndiyo ya matemba ndi mlamba, zimene mvula ikagwa ndi madzi kusefukira m'maudzu, zimakwera m'mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi, n'kukamwaza mazira ochuluka, n'kuwasiya osawayang'aniranso. Njira yachiwiri ndi ya makumba athu a m'Chilwa, pamodzi ndi chambo ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene mayi amatola mazira ake n'kuwasunga m'kamwa, osadya konse kapena kungodya pang'ono, kufikira ataswa ndi anawo atakhwima. Njira yachitatu, imene ili mutu wa nkhani yathu, ndi ya tinsomba tina ta ku America, timene sitiikira mazira poyera, koma timawasunga m'mimba, ndipo tsiku likakwana timabereka ana amoyo, amene amayamba kusambira ndi kufuna chakudya pa ola lomwelo la kubadwa kwawo.

Kodziwika kwambiri mwa timeneti ndi kansomba kotchedwa guppy, kochokera ku chilumba cha Trinidad ndi dziko la Venezuela ndi madera oyandikana nawo. Kanatenga dzina la Robert John Lechmere Guppy, amene m'chaka cha 1866 anatumiza tinsombati ku British Museum mumzinda wa London. Popeza kamadya mphutsi za udzudzu, anthu anakatengera ku maiko ambiri otentha, kotero kuti lero kamapezeka pafupifupi kulikonse kumene anthu amagulitsa nsomba zokongoletsa nyumba. Koma akatswiri a lusoli, akazolowera guppy, mtima wawo umapita pa mitundu ina yosowa, ndipo mwa imeneyi nditchulapo itatu.

Woyamba ndi wachibale wa guppy, wotchedwa Endler, umene John Endler anaupeza m'chaka cha 1975 m'thamanda la Laguna de Patos pafupi ndi mzinda wa Cumaná ku Venezuela. Kamphongo kake n'kakang'ono, koma kovala mawanga obiriwira, ofiira ndi akuda owala kwambiri. Wachiwiri ndi Heterandria formosa wa kummwera cha kuvuma kwa dziko la United States, kumadambo a ku Florida ndi madera ozungulira, umene kamphongo kake kamangofika masentimita 2 okha; chodabwitsa chake n'chakuti mayi amasenza ana a misinkhu yosiyana m'mimba imodzi, ndipo m'malo mobereka onse tsiku limodzi, amatulutsa mmodzi kapena awiri lero, ena pakapita masiku angapo, osalekeza. Wachitatu ndi banja lonse lotchedwa Goodeidae, la mitundu pafupifupi 40, lokhala m'akasupe ndi m'timitsinje ta kumapiri a pakati pa dziko la Mexico, limene ana ake ali m'mimba amamera timinofu tolendewera pamimba pawo, timene amayamwira chakudya kuchokera m'thupi la mayi, ndipo amabadwa ali aakulu ndithu atakhala m'mimbamo masabata 6 kufikira 8.

(NYIMBO MWACHIDULE)

MPHUNZITSI: Tsopano tibwere pa kawetedwe kake, ndipo pano ndipemphe inu ana asukulu kuti mutenge cholembera.

Choyamba ndi nyumba ya nsombazo. Iye amene ali ndi thanki la galasi la malita 40 kapena kuposerapo wachita bwino, koma amene alibe asataye mtima, pakuti beseni lalikulu kapena ndowa yotakata pakamwa, imene sinasungiremo mafuta, feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo, ikhoza kugwira ntchito yomweyo. Kutakata kwa pakamwa n'kofunika koposa kuya kwake, chifukwa mpweya umene nsomba zimapuma umalowa m'madzi kudzera pamwamba. Ndipo popeza nyumba zathu zambiri zilibe magetsi oyendetsera makina opopera mpweya, lamulo lathu likhale lakuti madzi achuluke, nsomba zichepe. Pansi pake muikepo mchenga kapena timiyala ta kumtsinje totsukidwa bwino, mudzalemo zomera za m'madzi zowirira, ndipo muvindikire pamwamba ndi kansalu koonekera kuopa kuti tinsomba tingalumphe n'kugwera panja. Chiwiyacho chikhale poti kuwala kukufika, koma osati padzuwa la masana, pakuti dzuwa limatenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere zochuluka.

Chachiwiri ndi madzi. Madzi a pamjigo ndi abwino ku mitundu yambiri yobereka ana amoyo, popeza imakonda madzi okhala ndi mchere wa m'nthaka pang'ono. Koma madzi a pampopi kapena a m'ndowa yothiridwa klorini, amene ali chitetezo chathu ife anthu ku kolera, ndi imfa kwa nsomba, ndipo ayenera kukhala poyera tsiku lathunthu kapena masiku awiri kuti mankhwalawo auluke. Sopo asayandikire konse, ngakhale wotsalira m'manja mwanu. Guppy ndi Endler zimakondwa madzi akakhala ofunda pakati pa madigiri 22 ndi 28, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'phiri la Mulanje, muyenera kuchotsa chiwiyacho pazenera ndi kuchifunditsa usiku. Pamene za ku Mexico zija, pokhala za kumapiri, zimapirira kuzizira ndipo zimavutika ndi kutentha kwa Okutobala.

Chachitatu, chimene ambiri amapunthwa nacho, ndi kudekha. Zonyansa zimene nsomba zimatulutsa zimasanduka poizoni wotchedwa amoniya, ndipo m'mtsinje poizoniyu amachotsedwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pamiyala ndi pamizu ya zomera. M'chiwiya chatsopano tizilomboti mulibe, ndipo timatenga masabata 4 kufikira 6 kuti tichulukane mokwanira. Chotero munthu amene agula nsomba 20 n'kuziponya m'madzi atsopano tsiku limodzi, adzadzuka m'mawa wina n'kuzipeza zikuyandama chagada, iye n'kumadabwa popeza madziwo akuoneka oyera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani ndi zomera, patapita masiku muikemo tinsomba titatu kapena tinayi, ndipo muonjezere tina pokhapokha toyambato titakhazikika. Sabata iliyonse muchotse gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo n'kuthiramo atsopano ofunda mofanana, ndipo musatsuke timiyala tonse nthawi imodzi, kuopa kupha antchito osaoneka aja. Madzi ochotsedwawo muthirire ndiwo zamasamba kudimba, osawataya mumtsinje.

Chachinayi ndi chakudya. Matemba kapena usipa wouma wosinjidwa bwino, wosakaniza ndi gaga pang'ono ndi ufa wa masamba ouma, ndi chakudya chokwanira. Mphutsi za udzudzu zimene mungazitape m'zigoba ndi m'matayala akale ndizo zokoma koposa kwa tinsombati, ndipo pozitapa ndi kukhuthula madziwo mwachepetsanso malungo pakhomo. Muzipatse zimene zingathe m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, pakuti nsomba zambiri za m'nyumba zimafa ndi chakudya chotsala chowolera m'madzi, osati ndi njala. Nsomba yatsopano, ngakhale ioneke yonyezimira chotani, muyambe mwaisunga payokha masabata awiri kapena atatu, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo matenda a nsomba imodzi akhoza kutha khola lonse.

Kunena za kuswetsa, kwa guppy ndi abale ake kamphongo mudzakazindikira ndi chipsepse cha kunsi kwa mimba, chimene n'chosongoka ngati kamtengo, pamene cha kakazi n'chotambasuka. Kakazi kamakhalanso kokulirapo, kosawala kwenikweni, ndipo kakatenga pakati kamaonetsa banga lakuda cha kumapeto kwa mimba. Pa kamphongo kamodzi paikidwe tikazi tiwiri kapena titatu, kuti kamodzi kasatope ndi kuthamangitsidwa tsiku lonse. Guppy amabereka pakatha masiku 21 kufikira 30, ndipo kakazi kamatha kusunga mbewu ya kamphongo m'thupi mwake n'kuberekanso kangapo popanda kukumananso nako, chinthu chimene za banja la Goodeidae sizichita. Dziwaninso kuti makolo ambiri a mitundu imeneyi amadya ana awo omwe, ndipo n'chifukwa chake ndinati zomera zikhale zowirira, kuti akhanda apeze pobisala. Kapena mumusamutsire mayiyo m'chiwiya china masiku ake atayandikira, n'kumubweza akangobereka. Pomaliza, mtundu uliwonse ukhale m'chiwiya chakechake, pakuti Endler ndi guppy zikakhala pamodzi zimakwerana, ndipo mtundu wosowa uja umasungunuka osabwereranso. Woweta wokhulupirika amalemba m'kabuku dzina la mtundu, kumene unachokera, ndi tsiku limene ana anabadwa, ndipo amasinthana nsomba ndi anzake kuti magazi asabwererebwerere m'banja limodzi.

(NYIMBO MWACHIDULE)

MPHUNZITSI: Omvera anga, mwina mukuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta. Tamverani tsono zimene zinachitika ku Mexico. Mumtsinje wa Teuchitlán, m'chigawo cha Jalisco, munali kansomba ka banja la Goodeidae kotchedwa Zoogoneticus tequila, kamene kamphongo kake kali ndi mzere wofiirira kumchira. Madzi a mtsinjewo ataipitsidwa, ndiponso nsomba zachilendo zitaikidwamo n'kulanda chakudya ndi malo, kansombako kanazimirira kwawo. Koma kanali katatsala m'magalasi a oweta a ku Ulaya, ndipo m'chaka cha 1998 mwamuna wina wa ku England wokonda lusoli, dzina lake Ivan Dibble, ananyamula timphongo tisanu ndi tikazi tisanu kuchokera ku Chester Zoo n'kukatipereka ku yunivesite ya Michoacana mumzinda wa Morelia. Akatswiri a kumeneko anatisamala zaka zambiri, natizoloweretsa m'maiwe, kenaka anabwezera tinsomba 1,500 mumtsinje wa makolo ake mothandizana ndi anthu a m'mudzimo. Ndipo pofika chaka cha 2021 kunalengezedwa kuti tayambanso kuswana tokha kuthengo. Indetu, galasi la munthu wamba linagwira ntchito ya chingalawa cha Nowa, kusunga mbewu kufikira chionongeko chitapita.

Nkhani yotere kwa ife si yachilendo. Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake ndipo ndi yosaya, inauma m'chaka cha 1968, inaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mbali yaikulu inasanduka fumbi, mabwato n'kukhala pamtunda. Nanga matemba, makumba ndi milamba zinabwerera bwanji? Zinabisala m'maiwe otsalira a m'mitsinje ndi m'thamanda la Mpoto kuno kwathu. Ndipo m'chilala cha 1995, mafumu pamodzi ndi a Dipatimenti ya za Nsomba anagwirizana zoteteza maiwe amenewo, naletsa kuwedzamo ndi kuthiramo katupe, kotero kuti mvula itabwerera panali mbewu yodzazanso nyanja. Zimene mafumu athu anachita ndi maiwe, ndi zomwezo zimene woweta amachita ndi galasi lake, ndipo mutu umodzi susenza denga pa zonse ziwirizi.

Ndipo taonani, chigwa chathu chino chili ndi chuma chake chimene oweta a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan amachisilira, pamene ife eni ake timachiponda popita kumunda. M'zithaphwi za dzinja za m'dothi la makande, m'chigwa cha Chilwa ndi Chiuta, mumakhala kansomba ka masentimita pafupifupi 5 kotchedwa Nothobranchius kirki, kamene katswiri Rex Jubb anakalemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1969, nakatcha dzina la R. G. Kirk, amene ankafufuza za nsomba m'dziko muno. Kamphongo kake kali ndi mchira wofiira ndi mamba onyezimira mobiriwira, pamene kakazi n'kotuwa. Kameneka sikabereka ana amoyo, koma njira yake ndi yodabwitsa kuposa zonse zimene ndatchula: kamakula msangamsanga m'nyengo ya mvula, kamakwirira mazira ake m'matope, ndipo chithaphwi chikauma makolo onse amafa, koma mazirawo amagona m'dothi long'aluka chilimwe chonse, kufikira mvula ya chaka chotsatira itawadzutsa. Amene amati nsomba zimagwa ndi mvula kuchokera kumwamba, kawirikawiri amakhala ataona zimenezi. Oweta akunja amatsanzira nyengo yathu m'nyumba zawo: amaika kambale ka dothi lofewa la zomera zowolerana kuti tinsomba tiikiremo mazira, amalifinya n'kulisunga lonyowa pang'ono m'kathumba kwa miyezi ingapo, kenaka amalithira madzi, ana n'kutuluka. Wachibale wake wa ku Gonarezhou m'dziko la Zimbabwe, Nothobranchius furzeri, amene moyo wake ndi wa miyezi yowerengeka, akugwiritsidwa ntchito ndi asayansi ofufuza za ukalamba wa munthu.

Chotero ndikuti kwa inu aphunzitsi anzanga ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu zathu, musayambe ndi kulakalaka za ku Mexico pamene za kwanu simunazidziwe. Dzinja likubwerali pitani ndi ana kukayang'ana m'zithaphwi za m'mbali mwa minda ya mpunga, muone chimene chikukhalamo, mulembe, ndipo mukafuna kusungako tiwiri titatu m'kalasi, muyambe mwafunsa alangizi a za nsomba a paboma, kapena a ku National Aquaculture Centre ku Domasi, pakuti safunsa anadya phula. Chithaphwi choterocho musachikwirire, musatsukiremo mipope yopopera mankhwala a mbewu, ndipo musachikokolole ndi neti ya udzudzu, imene malo ake ndi pamphasa pogona ana.

Ndatsala ndi chenjezo limodzi, ndipo ndilo lolemera koposa zonse zimene ndanena lero. Nsomba yachilendo, kaya ndi guppy, kaya ndi mtundu wina uliwonse wogulidwa mumzinda, isatayidwe konse mumtsinje, m'dambo, m'ngalande kapena m'nyanja. Popeza kakazi kamodzi kokhala ndi pakati kakhoza kuyambitsa mtundu wonse, ndipo tinsomba totere timadya mazira ndi ana a nsomba za eni dziko, ntchito ya mphindi imodzi ikhoza kubala chisoni cha mibadwo. Tonse tikumudziwa namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, ndipo anafalitsidwa m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwa duwa lake. Lero wadzaza mbali zina za mtsinje wa Shire, akutsekereza mabwato ndi kuvutitsa makina opangira magetsi. Lamulo la dziko lino losamalira nsomba, la chaka cha 1997, limaletsa kuika nsomba m'madzi amene si kwawo popanda chilolezo. Ndiponso ife okhala m'chigwa chosefukira, amene tinaona madzi a Napolo m'chaka cha 1991 ndi a namondwe Freddy m'chaka cha 2023, tiyenera kudziwa kuti dziwe la pabwalo limene lero lili lotchingidwa, mawa likhoza kulumikizana ndi mtsinje. N'chifukwa chake nsomba zachilendo zikhale m'nyumba, pamalo okwera. Zikakuchulukirani, gawirani mnzanu wodziwa kusamala, kapena mulekanitse timphongo ndi tikazi kuti kuswana kuime.

Mafumu athu, amayi ndi abambo, dziko ili tinalilandira kwa makolo ndipo tidzafunsidwa ndi adzukulu za mmene tinalisungira, kuyambira chambo chachikulu kufikira kansomba ka m'chithaphwi kamene sikalowa mumsika. Mwana amene waphunzira kusintha madzi pa nthawi yake, kupima chakudya, ndi kudikira masabata osataya mtima, ameneyo akadzakula n'kukhala msodzi, mlimi kapena mfumu, sadzafunika kuuzidwa kawiri chifukwa chimene nyanja imatsekedwera m'miyezi yoswana nsomba. Mupatseni mwana wotereyo beseni, mchenga ndi zomera, ndipo inu akulu mukhale naye pafupi pomulangiza. 

MUULUTSI:  Omvera, amene muli ndi mafunso pa za kawetedwe ka nsomba, kaonaneni ndi alangizi a za nsomba a m'dera lanu, kapena mutilembere kalata kuno ku wailesi. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. 

(NYIMBO YOTSEKERA)